Chipanda cha ku Mitundu ndi Chikho cha Tiki

Kale m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, moŵa wamasese sunkamwedwa m'chinthu chogula kusitolo ayi. Mphonda ikakhwima pa mpanda kapena pa denga la nkhokwe, ankaiumika, naidula, naikolopola m'kati, ndipo chipanda chinkapezeka. Mwini moŵa ankayamba walaŵa yekha pamaso pa alendo, kuti aliyense aone kuti mulibe choipa, kenaka chipandacho chinkayenda dzanja ndi dzanja kuyambira kwa akulu. Chikho chonga chomwecho ndicho chinkathirira nsembe pa kachisi, ndipo anthu a kumeneko amadziŵa kuti phiri la Bunda linali malo opemphererapo mvula.

Zinthu zinasintha. Fakitale ya Carlsberg itatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968, mabotolo anafika m'magolosale, Chibuku cha m'mapaketi chinafalikira, ndipo makapu apulasitiki analoŵa m'nyumba zambiri. Chipanda sichinafe, koma chinayamba kuonekanso kwina: pa khoma la hotela ndi m'manja mwa alendo ogula ziboliboli.

Tsono nkhani ya chiŵiya chomwera kusanduka chinthu chosonkhanitsa ili ndi mnzake kutali, ku America. Lamulo loletsa moŵa litatha kumeneko mu 1933, munthu wina dzina lake Ernest Gantt, amene pambuyo pake anadzitcha Donn Beach, anatsegula bala yotchedwa Don the Beachcomber ku Hollywood. Anaikongoletsa ndi nsungwi ndi maukonde kuti womwa adzione ngati ali pa zilumba za m'nyanja ya Pacific. Victor Bergeron wa ku Oakland anaona malondawo nachita chimodzimodzi, ndipo mu 1937 bala yake inatchedwa Trader Vic's. Chodabwitsa n'chakuti moŵa umene ankasakaniza ndi madzi a zipatso unali ramu wa nzimbe wa ku Caribbean. Anthu a ku Polynesia analibe nawo gawo.

Poyamba ankathira zakumwazo m'zigoba za kokonati ndi m'zinanazi zokolopola. Zikho zadothi zokhala ndi nkhope zinadza mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1950. Asilikali anali atabwerako kunkhondo ya ku Pacific, ulendo wa Thor Heyerdahl pa phaka lotchedwa Kon-Tiki mu 1947 unali utamveka ponseponse, ndipo mu 1959 Hawaii inakhala chigawo cha United States. Mabala otere anachuluka, ndipo eni ake ankafuna chikho chachechache cholembedwa dzina la malo. Zambiri zinkaumbidwa ku Japan. Womwa ankagula chikho chake kapena kupatsidwa, ndipo ena ankangochibisa m'jekete.

Nanga nkhopezo zinali za yani? Kwa Amaori a ku New Zealand, Tiki ndi dzina la munthu woyamba kulengedwa. Ku Hawaii, zosema zotere zinkaimira milungu monga Ku, wa nkhondo, ndipo zinkaikidwa m'malo opatulika. Oumba zikho anatengako kukamwa kotsegula ndi mano, anatengako mitu yamiyala ya ku Easter Island, nasakaniza monga anafunira. Ichi n'chimene ena mwa eni zilumbazo amadandaula nacho, ndipo dandaulolo n'lomveka kwa aliyense wodziŵa chifukwa chimene mwana wosaloŵa sayandikira kudambwe.

M'zaka za m'ma 1970 mabalawo anayamba kutsekedwa, zikho n'kutayidwa m'masitolo a kaunjika. Achinyamata a m'ma 1990 anazitola pa mtengo wozizira, ndipo buku la Sven Kirsten lotchedwa The Book of Tiki litatuluka mu 2000, mitengo inakwera.

Kuno kwathu, wodutsa pa Nathenje kuloŵera kumwera amafika ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, kumene alendo amagula makapu ojambulidwa nyama ndi moyo wa m'mudzi. Kutsetsereka ku Mua kuli Kungoni, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo m'nyumba yake ya Chamare muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulengeza kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, ndipo ofuna kugula nkhope zake sasoŵa. Ku Mua, zilombozo zinasungidwa ndi maina ake pamodzi ndi mwambo umene chilichonse chimaphunzitsa. Pa chikho cha Tiki, dzina limene wosonkhanitsa amayang'ana akachitembenuza ndi la bala ndi la fakitale.