Soda wa therere si soda wa sopo

Mawu oti "soda" amasokoneza ambiri amene akuyamba kumene kupanga sopo pakhomo. Kukhitchini, soda ndi ufa woyera wofewetsera therere kapena nyemba. Popanga sopo, soda ndi kositiki, mankhwala aukali amene akasakanizidwa ndi mafuta amawasandutsa sopo. Soda wophikira sangachite zimenezi, ngakhale mutavundula tsiku lonse. Wina angafunse kuti, nanga chidulo bwanji, poti kale madzi a phulusa ankapangira sopo? N'zoona, koma mphamvu ya chidulo ndi yovuta kuyeza, ndipo sopo wake amatuluka wofewa. Choncho pogula tchulani dzina lonse, kositiki soda. Valani magolovesi, thirani kositikiyo m'madzi osati madzi mu kositiki, pewani mapoto a aluminiyamu, ndipo sopoyo aume masabata 4 mpaka 6 musanasambire.