Chikondwerero Chosakhazikika pa Kalendala

Khirisimasi ili ndi tsiku lake, 25 Disembala, koma Carnival ya ku Rio de Janeiro, Venice ndi New Orleans imayendayenda. Mu 2024 tsiku lake lalikulu linali 13 Febuluwale, pamene mu 2025 linali 4 Malichi. Ndakhala ndikufufuza chifukwa chake, ndipo ndapeza kuti nkhaniyi gwero lake ndi Pasaka.

Carnival ndi madyerero otsanzikana ndi nyama anthu asanalowe m'nyengo yosala ya Lenti. Imatha Lachiwiri, ndipo m'mawa mwake kumacha Lachitatu la Phulusa. Lachiwiri limeneli limagwa masiku 47 Pasaka asanafike. Choncho Pasaka akasuntha, Carnival nayo imasuntha.

Nanga Pasaka amasunthiranji? Akhristu oyamba sankagwirizana za tsiku lake. Ena ankatsata kalendala ya Ayuda, ena ankadikira Lamulungu. Mu 325 mabishopu atasonkhana ku Nicaea anagamula zoti mpingo wonse uzikondwerera tsiku limodzi. Kawerengedwe ka ku Alexandria ndi kamene kanadzapambana: Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuyambira pa 21 Malichi. Popeza miyezi khumi ndi iwiri ya kumwamba imakwana masiku 354 okha, kuperewera ndi 11 pa chaka cha dzuwa, mwezi wathunthuwo sugwa tsiku lomwelo chaka ndi chaka. Motero Pasaka amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo Lachiwiri la Carnival pakati pa 3 Febuluwale, monga mu 1818, ndi 9 Malichi, monga mu 1943.

Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza kalendala nachotsa masiku khumi mu Okutobala. Mipingo ya Orthodox inatsalira pa kawerengedwe kakale, n'chifukwa chake zaka zambiri Pasaka wawo amadza mochedwa.

Chimene chandichititsa chidwi kwambiri ndi cha ku Rio mu 1912. Nduna yotchuka, Barão do Rio Branco, itamwalira pa 10 Febuluwale, akuluakulu anakankhira Carnival ku Epulo pofuna kulemekeza maliro. Anthu anavinabe mu Febuluwale, Epulo atakwana anavinanso.

Ine ndikuona kuti mphamvu ya chikondwererochi siili m'manja mwa olamula. Tsiku limene anthu analilandira kwa makolo awo, ngakhale likhale loyendayenda, salisiya chifukwa cha chikalata cha boma.