Kodi mawu oti "Ombudsman" adachokera kuti?

Timangowamva pa wailesi, ena timalemba pa Facebook kuti "akakusumireni kwa Ombudsman," koma ambiri timaganiza kuti ndi Chingerezi. Ayi ndithu, ndi mawu a chilankhulo cha ku Sweden.

Mawuwa ali ndi zigawo ziwiri. "Ombud" ndi nthumwi, munthu woimira mnzake. "Man" ndi munthu. Ka "s" kapakatiko kamangolumikiza awiriwo, ngati mmene ife timaikira "wa" ponena kuti mwana wa mfumu. Ku Sweden nyumba ya malamulo idakhazikitsa udindowu mu 1809 kuti pakhale wolondola ngati maofesi a boma akutsatira malamulo. Kumeneko akakhala ambiri amati "ombudsmän". A ku Germany adabwereka mawuwa n'kuwonjezera "n", amalemba "Ombudsmann", ndipo akakhala mayi amati "Ombudsfrau". Ku Sweden komanso kuno kwathu sitisintha: mayi nayenso ndi Ombudsman basi.

M'Chichewa amayenda ngati dzina la munthu: "Ombudsman walamula," kapena mwaulemu, "a Ombudsman alamula." Tikamanena za bungwelo timati "ofesi ya Ombudsman."

Kuno ku Malawi ofesiyi idabwera ndi malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, gawo 120, ndipo lamulo lake lapadera lidatsatira mu 1996. Likulu lake lili ku St Martin's House ku City Centre, konkuno ku Lilongwe. Wokhala pa mpandowu amasankhidwa ndi komiti ya aphungu yoona za maudindo, ndipo amagwira zaka zisanu. Martha Chizuma adakhalapo kuyambira 2015 mpaka 2021. Ambiri amamukumbukira ndi lipoti la mu 2016 la mathirakitala amene boma lidagula ndi ngongole ya ku India. Grace Malera ndi amene adalowa m'malo mwake mu 2021.

Nanga inu zikukukhudzani bwanji? Ngati ofesi ya boma yakuchitirani zopanda chilungamo, mwachitsanzo kukudumphani polemba ntchito, kukhalira fayilo yanu miyezimiyezi, kapena kuchedwetsa penshoni ya makolo anu, mutha kukadandaula kumeneko, ndipo simulipira kalikonse. Musanakwere minibasi ya ku City Centre, sonkhanitsani makalata onse ndi masiku amene zinthuzo zidachitika, chifukwa dandaulo lokhala ndi umboni ndi lomwe limayenda msanga.