Kusalaza Khungu ndi Laser

Kusalaza khungu ndi laser ndi chithandizo chimene dokotala amawotcha khungu lapamwamba ndi kuwala kwamphamvu kochokera m'makina, kuti pamalopo pamere lina latsopano. Amachita zimenezi pofuna kuchepetsa makwinya a kumaso komanso zipsera zokumbika zimene ziphuphu zimasiya. Chithandizochi chimapezeka kwambiri m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg ndi Cape Town. Nkhani ino ikufotokoza mbiri yake ndi zimene munthu wa khungu lakuda, monga wa ku Mchinji, ayenera kudziwa.

Mbiri yake

Makina oyamba a laser anapangidwa ndi Theodore Maiman mu 1960 ku California, ndipo pasanapite nthawi dokotala wa khungu wa ku Cincinnati, Leon Goldman, anayamba kuwayesa pa khungu la anthu. Mu 1964 Kumar Patel, wasayansi wobadwira ku India amene ankagwira ntchito ku Bell Labs, anapanga laser ya mpweya wa carbon dioxide. Imeneyi ndi imene inadzatchuka pa ntchito yosalaza nkhope, ngakhale poyamba inkapsereza kwambiri mpaka kusiya zipsera zatsopano.

Zinthu zinasintha mu 1983 pamene Rox Anderson ndi John Parrish a ku Harvard anasonyeza kuti kuwala kukaperekedwa mwachidule kwambiri, ndipo kukasankhidwa bwino, kumawotcha chokhacho chimene dokotala akufuna osawononga minofu yoyandikana nayo. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera makina a carbon dioxide othwanima mofulumira, kenako laser ya erbium imene sitentha kwambiri. Mu 2004 Dieter Manstein ndi Anderson yemweyo anabweretsa njira yotchedwa fractional. M'malo mosenda nkhope yonse, makinawo amaboola timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso n'kusiya khungu labwino pakati pake, ndipo khungu lotsalalo ndi limene limachititsa kuti bala lipole msanga.

Kagwiridwe ntchito

Madzi a m'khungu amamwa kuwalako, amatentha, ndipo khungu lapamwamba limachoka. Kutenthako kumachititsanso thupi kupanga collagen watsopano, amene amadzaza maenje a zipsera pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Wodwala amapakidwa kapena kubayidwa mankhwala ochititsa dzanzi. Akasenda nkhope yonse bala limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti litseke. Njira ya fractional imapola msanga koma imafuna kubwereza kangapo. Zipsera zimachepa, sizitheratu.

Khungu lakuda

Makina ambiri anayesedwa poyamba pa anthu a khungu loyera. Ngakhale muyeso wa mitundu ya khungu umene Thomas Fitzpatrick anakonza mu 1975 unayamba ndi azungu okha, ndipo magulu a khungu lakuda anawonjezedwa pambuyo pake. Khungu lakuda likapsa kapena kutupa limatulutsa melanin wochuluka, choncho pamene panadutsa laser pakhoza kuda kuposa kale, ndipo mdimawo umatha miyezi. Pena pamayera n'kukhala mawanga. N'chifukwa chake madokotala odziwa amachepetsa mphamvu ya makina, amayamba ayesa pa kachigawo kakang'ono, kapena amasankha njira ina yobaya khungu ndi tisingano ting'onoting'ono.

Zipsera ndi mafuta ku Mchinji

Kusintha khungu mwadala si kwachilendo kuno. Amayi achikulire a Chichewa m'midzi ya Mchinji ndi kutsidya kwa malire, cha ku Chipata, ena akadali ndi mphini za kumaso ndi pachifuwa zimene anatemedwa ali atsikana. Mmisiri wake ankacheka khungu ndi kampeni kapena lumo n'kupakapo makala osinja kuti chizindikirocho chisafufutike. Chipsera chimene lero munthu amalipira kuti chichoke, nthawi imeneyo chinali kukongola kwa namwali, ndipo luso la amayi amene ankatema mizere yofanana mbali zonse ziwiri za nkhope popanda chojambula n'loyenera kulilemekeza. Mphini zamankhwala, zimene asing'anga amatema pamalo opweteka, zikuchitikabe mpaka pano.

Mphini zimenezi zimamuuza dokotala zambiri. Munthu amene mphini yake, kapena pamene anaboola khutu kuti avale ndolo, panatupa n'kukhala chotupa cholimba chopitirira kukula kwa bala, ali ndi khungu lopanga keloid, vuto limene limapezeka kwambiri mwa anthu akuda kusiyana ndi azungu. Wotere laser yosenda ingamuwonjezere mavuto, ndipo ayenera kuonetsa zipsera zakezo asanayambe chilichonse.

Nkhani ina ndi ya mafuta oyeretsa khungu. Katundu wambiri amadutsa pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, pamene Atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula ofesi imodzi ya maiko a Malawi ndi Zambia mu December 2022, ndipo mafuta otere amagulitsidwa m'misika ya mbali zonse ziwiri za malire. Ambiri amene amawagula sayamba n'kufuna kuyera, amangofuna kuchotsa mawanga akuda amene ziphuphu zasiya. Koma mafuta okhala ndi steroid, monga betamethasone ndi clobetasol, amapyapyalitsa khungu ndiponso amabweretsa ziphuphu zina. A hydroquinone akapakidwa kwa zaka amadetsa masaya ndi mdima wovuta kuchotsa wotchedwa ochronosis, umene George Findlay ndi anzake anaufotokoza ku South Africa mu 1975. Dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Khungu lofooka chonchi silipola bwino likawotchedwa.

Munthu wa ku Kamwendo, Mkanda kapena Kapiri amene ziphuphu zikumuvuta amayambira ku chipatala cha pafupi kapena ku Mchinji District Hospital, ndipo akafunika katswiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Ena mwa akatswiri a khungu m'Malawi anaphunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, Tanzania. M'zipatala za kuno ziphuphu zimathandizidwa ndi mankhwala monga benzoyl peroxide ndi doxycycline zisanasiye zipsera, ndipo mwina phindu lalikulu la kudziwa za laser m'boma ngati lino n'kuzindikira kuti kupewa chipsera n'kotsika mtengo kuposa kuchichotsa.

Amene wasankha kukalandira chithandizochi afunse ngati wochitayo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, kapena ku bungwe lofanana nalo m'dziko limene wapita. Anene ngati amatuluka zilonda za pamilomo, chifukwa laser imatha kuzidzutsa ndipo dokotala amapereka acyclovir pasadakhale. Pambuyo pake khungu liyenera kutetezedwa ku dzuwa kwa miyezi ingapo ndi chipewa chachikulu komanso mafuta oteteza, chinthu chovuta kwa mlimi wa mtedza kapena fodya amene amakhala m'munda kuyambira October mpaka nthawi yokolola.