Mano a Anthu a pa Zomba, Kale ndi Lero

Pamene David Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa, kum'mawa kwa phiri la Zomba, m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja ali ndi miyambo yao ya m'kamwa. Akazi anali kuboola mlomo wa m'mwamba ndi kuikamo pelele, ndipo iye analemba kuti cobvala cimeneci cinali kukankhira mano a patsogolo m'kati. Ena anali kusema mano kuti aoneke okongola. Tisawaseke msanga makolo amenewo, pakuti kutsuka m'kamwa anali kukudziwa. Munthu anali kuthyola kamtengo, natafuna nsonga yace kufikira italekana ngati ubweya, ndiwo mswaci. Makala, phulusa ndi mcere zinali mankhwala ace. Ayao amene analowa Cisilamu anausunga mswaci koposa, popeza cipembedzo cao cimautamanda.

Cimene cinasintha zinthu ndi cakudya. Nzimbe ndi uci zinalipo kale lomwe, koma zinali za nyengo yace. Zomba atakhala likulu la Boma mu 1891, masitolo anadza ndi shuga, tiyi ndi masiwiti, ndipo oyamba kuzolowera anali akalaliki, asilikali ndi anchito a m'nyumba za Azungu. Mu 1966 fakitale ya ku Nchalo inayamba kupanga shuga m'dziko mwathu momwe muno, ndipo pang'ono pang'ono tiyi wothira masupuni atatu anafika ndi kumudzi komwe. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma cizolowezi cinatsala.

Anthu ambiri amati m'dzino lobooka mwalowa kacirombo. Zoona zace nzakuti tizirombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wotsalira m'mano, nititurutsa asidi amene amakumba dzino. Dzenje likali laling'ono limamatika. Koma wamkuru amayamba wapirira, nayesa mcere ndi mizu, nafika pa cipatala cacikuru ca Zomba tsaya litatupa, pamene cotsala ndi kuzula basi. Kafukufuku wa dziko lonse wofalitsidwa mu 2016 anapeza mano obvunda mwa pafupifupi theka la anthu a zaka 35 ndi kuposerapo, ndipo omatidwa mano anali owerengeka.

Sing'anga wa mano anacedwa kwambiri pambuyo pa shuga. Kwa zaka zambiri nchitoyi inagwiridwa ndi othandiza ophunzitsidwa ku Lilongwe, ndipo wofuna digiri anali kupita kunja. Maphunziro a digiri ya mano anayamba ku Blantyre mu 2019, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, patapita zaka 53 ciyambire Nchalo kugaya nzimbe.