Mbiri ya Mipando ya Khonsolo ku Dowa ndi ku Ntchisi

Pakutha cisankho ca makhansala anthu amasonkhana pa boma ndi m'misika kuti amve maina a opambana, ndipo yense afunsa kuti, Cipani citi catenga khonsolo? Funsoli nlabwino, koma kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi silibvuta kawirikawiri, pakuti anthu a kuno akhala akutsamira ku Malawi Congress Party zaka zambiri. Liripo funso lina lobvuta kuposa limenelo, ndilo lakuti, Opambanawo atakhala pa mipando yao, mphamvu ya kulongosola zinthu za m'boma lao iri m'manja mwa yani? Tifuna kulondola mbiri ya khonsolo kuyambira masiku a Azungu kufikira caka ca 2025, kuti owerenga adzionere okha m'mene mphamvu imeneyi yayendera.

Masiku a mafumu ndi Bwana Disi

Boma la Angelezi lisanafike, dziko lino linali la Acewa ndi mafumu ao, monga Dzoole ku Dowa ndi Kalumo ku Ntchisi. Ndipo pakati pao panadzakhala Angoni a Chiwere ndi Msakambewa. Mlandu wa munda, wa dambo kapena wa njira unkatha pa bwalo, pamaso pa mfumu ndi nduna zace, ndipo munthu wamkuru ali yense anali ndi danga la kunenapo mau ace.

Angelezi anatenga dziko m'caka ca 1891. Mu 1912 anaika lamulo losankha mafumu akuru oti azithandiza Boma kusonkhetsa msonkho ndi kusunga mtendere. Mu 1933 anaonjezera mafumuwo mphamvu: anawapatsa mabwalo a milandu obvomerezeka ndi Boma, nawalola kuika malamulo ang'onoang'ono, ndipo pambuyo pace anakhala ndi thumba lao la ndalama. Koma zonsezi zinali pansi pa Bwana Disi, amene mau ace ndiwo anali otsiriza. Masiku amenewo Ntchisi sanali boma paokha. Panali boma laling'ono la ku Visanza, lomvera ku Kota Kota.

Lamulo lokhazika makhonsolo a m'maboma linadza mu 1953, caka comwe dziko lino linalowetsedwa m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland anthu asakufuna. Pa mpando wa khonsolo panakhala Bwana Disi yemweyo, ndipo mafumu anakhala m'mbali mwace. Cifukwa cace ambiri anaiyesa khonsolo ciwiya ca Azungu, osaikhulupirira.

Masiku a cipani cimodzi

Malawi Congress Party inabadwa mu 1959, Boma litatseka Nyasaland African Congress, ndipo pa cisankho ca August 1961 inapambana kwakukuru. Atsogoleri atsopanowo anakonzanso makhonsolo: Bwana Disi anacoka pa mpando, ndipo makhansala anayamba kusankhidwa ndi anthu. Khonsolo inayang'anira masukulu a pulaimale, miseu ya kumidzi, misika ndi zipatala zazing'ono, nisonkhetsa ndalama zace. Akuru amene anaona nyengo imeneyo saiwala kuti khansala anali munthu wa nchito yooneka ndi maso.

Nyengoyo sinakhalitse. Ufulu utadza mu 1964, ndipo nduna zina zitapatukana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda caka comweco, Boma silinafunenso mphamvu yokhala kutali ndi likulu. Mu 1965 linakhazika makomiti a citukuko m'maboma onse, ndipo wapampando wao anali Bwana Disi. Ndalama za citukuko zinayamba kudzera kumeneko. Mu 1966 lamulo linati cipani cikhale cimodzi cokha. Kuyambira pamenepo wofuna ukhansala anayenera kudzera m'cipani, ndi kubvomerezedwa ndi akuru a kumwamba. Nchito za khonsolo zinalandidwa imodzi imodzi kunka ku maunduna, poyamba ku Zomba, pambuyo pace ku Lilongwe. Ndipo munthu wofuna kufunsa mafunso ankakumbukira kuti ndende ya Dzaleka, kumene ankatsekerako oganiziridwa za ndale, inali m'boma lomwelo la Dowa.

Apa tiona cinthu codabwitsa. Zaka pafupifupi 30 mipando yonse ya khonsolo kuno inali ya cipani cokondedwa ndi anthu a kuno, cipani comwe cinagwira Boma la dziko lonse. Koma m'zaka zomwezo khonsolo inafota koposa.

Masiku a zipani zambiri

Pa 14 June 1993 anthu anafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda wa cipani cimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. M'dziko lonse oposa 63 mwa 100 ali onse anasankha nyali, koma ku Dowa ndi ku Ntchisi ocuruka anasankha tambala. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi wa UDF anapambana upulezidenti, ndipo MCP inakhala cipani cotsutsa, m'mene inakhaliramo zaka 26. Makhonsolo akale, pokhala odzala ndi anthu a MCP, anathetsedwa mu 1995, ndipo sipanasankhidwe ena olowa m'malo mwao.

Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano la maboma ang'ono, pamodzi ndi ndondomeko ya kupereka mphamvu ku anthu. Mau ace anali okoma. Makhansala osankhidwa ndiwo okha anayenera kuponya voti m'khonsolo. Mafumu ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo analoledwa kukhalamo ndi kulankhula, koma opanda voti. Ndondomekoyo inalonjezanso kuti magawo 5 mwa 100 a ndalama za Boma adzipita ku makhonsolo kukacita citukuko, lonjezo limene zaka zambiri linaperewera.

Cisankho cinacitika pa 21 November 2000. Mipando inali pafupifupi 860 m'dziko lonse; UDF inatenga yoposa 600, AFORD yoposa 100, ndipo MCP sinafike ndi pa 100 pomwe. Ngakhale m'Cigawo ca Pakati, kwao kwa tambala, UDF inatenga mipando yambiri. Wina angayese kuti anthu anatembenuka mtima, koma tiyenera kuyang'ana zinthu ziwiri. Coyamba, MCP inali itang'ambika pakati pa Gwanda Chakuamba ndi John Tembo, ndipo otsatira ace anasowa womumvera. Caciwiri, mwa anthu 100 olembetsa, 14 okha ndiwo anapita kukaponya voti. Otsalawo anakhala ku minda, pakuti inali nyengo ya kubzala, ndipo ambiri sanadziwe kuti khansala ali ndi nchito yanji, popeza kwa mbadwo wathunthu sanaone khansala wa mphamvu.

Zaka zopanda makhansala

Nthawi ya makhansala amenewo inatha mu March 2005. Mwezi wa February caka comweco Bingu wa Mutharika anali atacoka mu UDF nayambitsa DPP, cipani cimene cinalibe mizu m'midzi, ndipo cisankho ca makhansala cinakankhidwa caka ndi caka. Zaka 9 makhonsolo anayendetsedwa ndi Bwana Disi ndi alembi ace, pamodzi ndi mafumu ndi aphungu. Tikawerenga kuyambira 1995 kufikira 2014 tipeza zaka 19, ndipo mwa izo makhansala anakhala pa mipando zaka 4 ndi miyezi yowerengeka.

M'nyengo yomweyo, mu 2006, linayamba thumba la citukuko la dera la phungu, la CDF. Popeza kunalibe khansala, anthu anazolowera kupita kwa phungu akafuna mlatho, mjigo kapena cipinda ca sukulu, ndipo cizolowezi cimeneci cinakhazikika.

Pa cisankho ca aphungu ca 2009 DPP inalowa ndithu m'mapiri muno. Cimanga cinali citacuruka cifukwa ca feteleza wa makuponi, ndipo MCP inataya mipando yambiri m'Cigawo ca Pakati. Ku Dowa Central anasankha Dr. Jean Kalilani wa DPP. Cimeneco ndico caka cimene mitima ya anthu a kuno inagwedezeka koposa, koma panalibe cisankho ca makhansala coti cionetse kuti khonsolo ikadagwa mbali iti.

Mu 2010 lamulo la 1998 linasinthidwa, ndipo kusinthaku kuyenera kukumbukiridwa bwino. Mawodi anacepetsedwa, kuti m'maboma a kumidzi dera la phungu likhale ndi mawodi awiri okha. Aphungu anapatsidwa voti m'khonsolo. Mphamvu ya kuika Bwana Disi inaperekedwa kwa Nduna ya maboma ang'ono. Wapampando wa khonsolo anaikidwa kukhala caka cimodzi cokha. Tiyeni tiwerenge monga m'kalasi. Dowa anali ndi aphungu 7, cotero makhansala 14; onse pamodzi mavoti 21. Ntchisi anali ndi aphungu 4 ndi makhansala 8. Onse pamodzi 12. M'khonsolo iri yonse voti imodzi mwa zitatu inali ya phungu, munthu wa galimoto ndi malipiro akuru, wogwira thumba la CDF, pamene khansala anafika pa njinga kudzalandira kangacepe. Ndipo wapampando wa caka cimodzi amatha nthawi yace asanadziwe bwino mabuku a ndalama.

Kubweranso kwa makhansala

Pa 20 May 2014 dziko linacita masankho atatu tsiku limodzi, a pulezidenti, aphungu ndi makhansala. Mawodi anali 462. DPP inatenga 165, MCP 131, People's Party ya Joyce Banda 65, UDF 57, ndipo oima paokha 35. Madzi saiwala khwawa: ku Dowa ndi ku Ntchisi mipando yocuruka inabwerera kwa tambala, MCP iri ndi mtsogoleri watsopano, Dr. Lazarus Chakwera. Pa 21 May 2019 zipani ziwirizo zinafanana mphamvu, DPP 161 ndi MCP 160. UTM ya Saulos Chilima, yobadwa caka ca 2018, inapeza 39, UDF inatsika kufika pa 20, ndipo oima paokha anakwera kufika pa 74. Kukwera kwa oima paokha kutiphunzitsa kanthu: pa cisankho ca khansala anthu amadziwa munthuyo ndi kwao komwe, ndipo cipani cikawaikira wosamfuna pa masankho a cipulula, amamsiya nasankha wao.

Kuyambira 2014 kufikira 2020 makhansala a kuno anali a cipani cina, ndipo Boma la ku Lilongwe la cipani cina. Nduna yoika Bwana Disi inali ya DPP, ndipo ndalama zocuruka za khonsolo zinacokera ku likulu, pakuti ziphaso za m'misika ya Mponela, Madisi ndi Malomo sizingamange cipatala. Bwalo la milandu litathetsa cisankho ca pulezidenti ca 2019, anthu anaponyanso voti pa 23 June 2020, ndipo Chakwera anapambana. Pamenepo khonsolo ndi likulu zinakhala za cipani cimodzi, ndipo mu 2023 phungu wa Dowa East, Richard Chimwendo Banda, anakhala Nduna ya maboma ang'ono. Thumba la CDF linakula kufika pa K100 miliyoni, pambuyo pace K200 miliyoni pa dera liri lonse, koma linakhalabe lotsamira kwa aphungu. Ndipo bungwe la makhonsolo onse, la MALGA, linatengera nkhaniyi ku bwalo lalikuru, limene mu May 2025 linaweruza kuti sikulingana ndi malamulo akuru a dziko kuti aphungu aziyendetsa thumbalo ndi kuponya voti m'khonsolo. Taonani, ufulu umene makhansala anaupeza m'zaka zimenezo anaupeza kwa oweruza, cipani cao ciri m'Boma.

Pa 16 September 2025 panali masankho ena, mawodi ataonjezedwa kufika pa 509. Dowa ndi Ntchisi anapereka mavoti ao ocuruka kwa Chakwera, koma dziko linasankha Peter Mutharika wa DPP, ndipo mapiri ano anakhalanso ku mbali yotsutsa.

Cimene mbiriyi itiphunzitsa

Tikaika zonsezi pamodzi tiona kuti cipani ciri conse cinagwirapo Boma cinaopa khonsolo ya mphamvu. Azungu anaika Bwana Disi pa mpando. MCP inatenga mipando yonse nicotsa nchito. UDF inathetsa makhonsolo nicedwetsa cisankho zaka 5. DPP inacedwetsa koposa, nicepetsa makhansala. Cotero munthu wa ku Kongwe kapena wa kwa Nthondo asayese kuti cipani cace cikapambana ndiye kuti khonsolo yace yapambananso.

Cifukwa cace tikupemphani, owerenga, kuti mukamva maina a opambana musalekere pomwepo. Funsani khansala wanu kuti khonsolo yakhala kangati caka cino, ndi kuti ndalama zinalowa zingati, zocokera ku misika zingati, zocokera ku likulu zingati, ndipo zinagwira nchito yanji. Lowani m'makomiti a citukuko a m'mudzi ndi a kwa mfumu yaikuru, pakuti zofuna za anthu zimayambira kumeneko pokwera kunka ku khonsolo. Aphunzitsi aphunzitse ana kusiyanitsa nchito ya phungu, yopanga malamulo a dziko, ndi nchito ya khansala, yoyang'anira mseu, msika ndi sukulu ya kwao. Ndipo cikadzamveka cifukwa ciri conse cokankhira cisankho ca makhansala m'tsogolo, kumbukirani 1995 ndi 2005, ndipo mucikane, ngakhale cocokera ku cipani cimene mucikonda.