Mbiri ya Kaonetsedwe ka Zamkati mwa Laibulale mu Debugger

Debugger ndi chida chimene chimaimitsa pulogalamu ili mkati mogwira ntchito kuti woilemba aone zomwe zili m'memori. Debugger ya GDB, imene Richard Stallman analemba mu 1986, inkakwanira bwino pa chinenero cha C, momwe nambala imaoneka ngati nambala ndipo mawu ndi zilembo zondondozana. Vuto linakula ndi C++ ndi malaibulale ake. Munthu akafuna kuona std::map yosunga mayina atatu okha, GDB inkamukhuthulira _M_t, _M_impl, _M_header ndi maadiresi a memori, poti mkati mwake mayinawo amasanjidwa pa nthambi za mtengo wa red-black. Mayina enieniwo osaoneka n'komwe. Zonse zimene inkaonetsa zinali zoona, koma wofufuza cholakwika ankataya nthawi kutsata nthambizo imodziimodzi.

Poyamba aliyense ankadzionera yekha. Ogwiritsa ntchito GDB ankapatsirana timalamulo monga pvector ndi pmap n'kumatiika mu .gdbinit, koma laibulale ikangosintha mkati, timalamuloto tinkasiya kugwira. Ku Visual Studio kunali fayilo ya autoexp.dat, yovuta kulemba komanso yovuta kukonza ikalakwika.

Zinthu zinasintha mu 2009 pamene GDB 7.0 inayamba kulandira malangizo olembedwa mu Python. Kapulogalamu kotchedwa pretty-printer kamawerenga memori n'kuonetsa zimene munthu akufunadi, mwachitsanzo kuti vector ili ndi zinthu zitatu, ndipo ndi izi. Mu 2010, GCC 4.5 inatuluka ndi ma printer okonzeratu a laibulale ya libstdc++. Microsoft inabweretsa njira yake yotchedwa natvis, yolembedwa mu XML, mu Visual Studio 2012, ndipo LLDB ndi Qt Creator nazonso zili ndi njira zawozawo. Phindu lalikulu silinali Python kapena XML ayi, koma kuti udindo wolemba ma printer unapita kwa mwini laibulale, amene amadziwa mkati mwake ndipo amakonza printer nthawi imene akusintha laibulaleyo. Kumeneko ndiye koyenera.

Zokhumudwitsa zilipobe. Vector imene sinapatsidwe chiyambi imakhala ndi zinyalala, ndipo printer ikazikhulupirira, debugger imatha kuuma kwa kanthawi. Kuyambira GDB 7.5, ma printer amalowa okha pokhapokha ali mu foda yovomerezedwa ndi safe-path. Komanso pulogalamu yolembera mapulogalamu (IDE) ikapanda kutumiza lamulo la -enable-pretty-printing kwa GDB, pa sikirini pamabwereranso _M_impl yemwe uja ngakhale ma printer onse alipo.